Makaniko Afufuza Matenda a Galimoto

Fonte Boa ili pa mapiri a Angónia, m'boma la Tsangano, m'cigawo ca Tete. Anthu akumeneku amalima cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Akakumba mbatata, amaiika m'matumba. Malole amabwera kudzanyamula matumbawo. Ena amapita nawo ku Ulongwe. Ena amatsika nawo mpaka ku mzinda wa Tete.

Nthawi zina lole imafooka pa citunda. Imatulutsa utsi wakuda bii. Ikaima pa njira masiku angapo, mbatata imayamba kuola. Mlimi amasowa ndalama za mcere, sopo ndi makope a ana. Pamenepo dalaivala amaitana makaniko. Makaniko ndi munthu wokonza galimoto. Asanakonze, amayamba wafufuza cimene cavuta.

Injini imapuma

Galimoto imayenda cifukwa ca injini. Injini imamwa mafuta a dizilo kapena a petulo. Imakokanso mpweya ngati mmene munthu amapumira. M'kati mwake mafuta ndi mpweya zimasakanikirana, ndipo zimayaka moto. Motowo ndiwo umapereka mphamvu yoyendetsa mawilo. Zotsala pa moto zimatuluka ku paipi ya kumbuyo. Zimenezi ndiye utsi.

Mpweya ukacepa, mafuta sapsa onse. Otsalawo amasanduka mwaye, monga uja wa kudenga la khichini. Ndiye utsi umada. Angónia ali pamwamba, kupitirira mamita 1000 kucokera pa nyanja yaikulu. Mpweya wa kumapiri ndi wopepuka kusiyana ndi wa ku Tete. Conco injini yodwala imabanika msanga ikamakwera mapiri amenewa.

Kacitseko ka utsi

Moto wa m'injini ukatentha kwambiri, umapanga mpweya woipa. Mpweya umenewu umapweteka mapapo. Umavutitsa ana, okalamba ndi anthu odwala mphumu. Pofuna kuucepetsa, opanga galimoto anapeza njira m'zaka za m'ma 1970. Anaika kapaipi kobwezera utsi pang'ono m'injini.

Utsi ndi wopsa kale, sungayakenso. Ukasakanikirana ndi mpweya watsopano, moto umacepa ukali. Mpweya woipa uja umacepanso.

Pa kapaipiko pali kacitseko kacitsulo. Kamatseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake. Amakaniko amakachula kuti EGR. M'Cipwitikizi amati *válvula EGR*. Galimoto zambiri za masiku ano zili nako. Malole ambiri akale alibe.

Kacitseko kakadwala

Utsi umayenda ndi mwaye. Tsiku ndi tsiku mwaye umamata pa kacitseko. Ukakumana ndi nthunzi ya oyilo, umakhala phala lakuda. Pamapeto pake kacitseko kamakakamira.

Kakakakamira kali kotsegula, utsi wambiri umabwerera m'injini. Injini imasowa mpweya wabwino. Imanjenjemera galimoto ikaima. Nthawi zina imazima yokha. Pa citunda imafooka. Ya dizilo imatulutsa utsi wakuda.

Kakakakamira kali kotseka, utsi subwerera. Moto umatentha kwambiri. Injini ya petulo imalira ngati timiyala m'citini ikamakoka katundu. Mpweya woipa umaculuka, ngakhale maso sauona.

Koma utsi wakuda suli ndi cifukwa cimodzi cokha. Cifuwa ca mwana cingabwere ndi cimfine, fumbi kapena cibayo. Namwino wa ku cipatala sapereka mankhwala asanamuyeze mwanayo. Makaniko wabwino amacita cimodzimodzi.

Coyamba: amafunsa

Makaniko amayamba ndi mafunso.

"Bambo, vutoli linayamba liti?"

"Linayamba sabata yatha, amakaniko."

"Kodi imafooka pa citunda pokha, kapena paliponse?"

"Pa citunda ndiye kwambiri. Ikaima, imanjenjemera."

"Nanga mafuta munathira kuti? Sefa ya mpweya munasintha liti?"

Dalaivala ayenera kunena zoona. Akabisa kanthu, makaniko amafufuza kolakwika.

Caciwiri: amaona ndi kumvetsera

Makaniko amaliza injini panja, pamalo popita mphepo. Amamvetsera kulira kwake. Amayang'ana mtundu wa utsi.

Utsi wakuda umanena kuti mafuta aculuka kapena mpweya wacepa. Utsi wobiriwira ngati thambo umanena kuti oyilo akupsa. Utsi woyera wosatha umanena kuti mwina madzi akulowa m'injini. Kautsi koyera ka m'mamawa m'nyengo yacisanu si matenda. Ndi nthunzi cabe, ndipo kamatha injini ikafunda.

Cacitatu: amayamba ndi zosavuta

Misewu yambiri ya kumidzi ndi yafumbi. Fumbi limatseka sefa ya mpweya. Sefa yotsekeka imabanikitsa injini monga kacitseko kodwala. Conco makaniko amazimitsa injini, n'kutsegula sefa coyamba. Ikakhala yodzaza fumbi, amaika ina. Nthawi zambiri matenda amathera pomwepo.

Kenaka amayang'ana timapaipi ta labala. M'galimoto zina timapaipiti ndi timene timakoka kacitseko kuti katseguke. Labala akakalamba amang'aluka. Kapaipi kong'aluka sikakoka kanthu. M'galimoto zina kacitseko kamayenda ndi magetsi. Pamenepo makaniko amayang'ana mawaya. Waya angathe kuduka, kucita dzimbiri kapena kudyedwa ndi makoswe.

Cacinayi: amafunsa kompyuta

Galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta yaing'ono. Ikaona vuto, imayatsa kanyale kacikasu patsogolo pa dalaivala. Makaniko amalumikiza kamakina kake pansi pa ciwongolero. Kamakinako kamaonetsa nambala.

Nambala ya P0401 imanena kuti utsi wobwerera wacepa. Nambala ya P0402 imanena kuti utsi wobwerera waculuka. Nambala imangoloza kumene kuli vuto. Siinena kuti kacitseko kafa. Mwina kapaipi katsekeka ndi mwaye. Mwina waya waduka. Makaniko amafufuzabe ndi maso ndi manja ake.

Cacisanu: amayesa kacitseko

Ngati kacitseko ndi kokokedwa ndi kapaipi ka labala, makaniko amatenga pampu ya m'manja. Amaliza injini ya petulo pang'onopang'ono. Amakoka kacitseko ndi pampuyo. Injini ikayamba kunjenjemera, ndiye kuti kacitseko katseguka ndipo utsi ukudutsa. Injini ikapanda kusintha, kacitseko kakakamira kapena njira yatsekeka.

Tsopano amazimitsa injini ndi kudikira kuti izizire. Amamasula kacitseko ndi sipanala. Amakayang'ana poyera. Akapeza mwaye, amaupala ndi kuutsuka ndi mankhwala ake. Amatsukanso kapaipi. Pobwezera amaika gasiketi watsopano kuti utsi usathawire m'mbali. Kacitseko kakakhala kothyoka, pamenepo ndi pamene amagula kena.

M'galimoto zambiri za dizilo muli kabokosi koziziritsa utsi ndi madzi usanabwerere m'injini. Kabokosika kakabooka, madzi a m'rediyeta amacepa. Utsi umayera. Makaniko amakayang'ananso.

Ngati zonsezi zili bwino koma utsi ukudabe, vuto lili kwina. Makaniko amapita kukayeza zipangizo zopopera mafuta m'injini.

Comaliza: amayendetsa

Akamaliza, makaniko ndi dalaivala amakwera galimoto. Amapita nayo pa citunda. Ikakwera bwino popanda utsi wakuda, nchito yatha.

Anthu ena amatseka njira ya utsi ndi kacitsulo kuti asavutike kutsuka. Galimoto imayenda ndithu. Koma mpweya woipa umaculuka. Amaupuma ndi amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi ana opita ku sukulu. Kutsuka ndiko kwabwino.

Makaniko wofufuza bwino amapulumutsa ndalama. Mwini galimoto sagula citsulo cimene sicinafe. Mbatata imafika ku msika isanaole.

Macenjezo kwa ana ndi makolo

Mwana asaime kumbuyo kwa galimoto yolira.

Mwana asagwire injini kapena paipi ya utsi. Zimaocha.

Injini isalire m'nyumba yotseka. Mu utsi muli mpweya wina wosaoneka ndi wosanunkha. Umapha munthu.

Munthu asatsegule civundikiro ca rediyeta injini ili yotentha. Madzi owira amathovokera kumaso.

Oyilo wakuda asatayidwe pafupi ndi citsime kapena mtsinje.

Mawu atsopano

Makaniko: munthu wokonza galimoto.

Injini: makina opereka mphamvu ku galimoto.

Mwaye: zakuda zotsala pa utsi.

Sefa: cinthu cochinga fumbi kuti lisalowe.

Gasiketi: kanthu kopyapyala koikidwa pakati pa zitsulo ziwiri kuti pasadutse utsi.

Mafunso

1. Kodi injini imafuna zinthu ziwiri ziti kuti moto uyake?
2. Kodi kacitseko ka EGR kamabwezera ciyani m'injini?
3. N'ciyani cimakakamiritsa kacitseko?
4. Chulani mitundu itatu ya utsi.
5. N'cifukwa ciyani makaniko amayamba ndi sefa ya mpweya?

Nchito

Jambulani lole yonyamula matumba a mbatata. Onetsani pamene utsi umatulukira. Lembani mawu awa m'kope: utsi, moto, lole, sefa. Kunyumba, pemphani makolo akuonetseni mwaye wa kunsi kwa poto. Mawa mudzauze anzanu mtundu wake.