Mphika wa Munthu Mmodzi: Phunziro Locokera ku Malama

Lero tikambirana za mphika waung'ono, mphika wa munthu amene akhala yekha. Kuti nkhani yathu imveke bwino, tiyeni tipite ku cigwa ca Luangwa, m'dziko la Mfumu Malama, m'boma la Mambwe.

Malama ndi limodzi mwa madera 6 a mafumu a Akunda. Mafumu enawo ndi Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe ndi Msoro. Dera la Malama lili kum'mwera kwa Mfuwe, m'malo osungirako nyama a Lupande, moyandikana ndi South Luangwa National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Ku cigwa kumatentha kwambiri, kotero kuti m'mwezi wa Okutobala kutentha kumafika madigiri 40. Mvula ikayamba, mitsinje imadzaza ndipo misewu imakhala matope okhaokha. Munthu angathe masabata angapo osafika ku sitolo yaikulu.

Ganizirani tsono mphunzitsi wacinyamata amene wangotsiriza maphunziro ake ku koleji ya ku Chipata, ndipo boma lamtumiza kukaphunzitsa kumeneko. Kwao anazolowera kuti amai ake amuikire nsima pamphasa. Tsopano ali ndi poto mmodzi, mbale ziwiri ndi mthiko, ndipo palibe womufunsa ngati wadya. Sali yekha m'vuto limeneli. Alipo anamwino a pa cipatala caching'ono ca kumudzi, alonda a nyama za m'thengo, agogo amene ana awo anapita ku tauni, ndi ana a sukulu amene kwao ndi kutali, amene amagona pafupi ndi sukulu namadziphikira okha.

Cifukwa ninji munthu wokhala yekha sadya bwino?

Amene aphikira banja amakakamizidwa ndi kulira kwa ana. Amene akhala yekha alibe womukakamiza. Akaweruka atatopa amati, "Ndisonkhe moto cifukwa ca ine ndekha?" Cotero amangomwa tiyi ndi citumbuwa nagona. Tsiku limodzi sicovuta, koma zikapitirira mwezi wathunthu thupi limayamba kufooka. Magazi amacepa, mutu umapweteka, ndipo malungo, amene ndi ofala ku cigwa, akampeza amamgwetsa msanga. Mphunzitsi akagona pamphasa, kalasi lonse limakhala lopanda wolitsogolera. Mwana wa sukulu amene sanadye m'mawa amasinza pamene anzake alemba masamu. Ndiye cifukwa cake nkhani ya mphika ndi nkhani ya sukulu.

Mafunso atatu pa mbale iriyonse

Bungwe la National Food and Nutrition Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1967, lakhala likuphunzitsa anthu a m'dziko lathu za kadyedwe koyenera. Mu 2021 boma linatulutsa malangizo atsopano amene anagawa zakudya m'magulu 6: za mtundu wa cimanga ndi mizu, ndiwo zamasamba, zipatso, za mtundu wa nsomba ndi nyama, mkaka, ndi za mtundu wa nyemba ndi nshawa. Inu amene muphika nokha, yang'anani mbale yanu ndi kudzifunsa mafunso atatu.

Coyamba, kodi muli copatsa mphamvu? Ici ndi nsima ya cimanga kapena ya mapira, mpunga, kandolo kapena cinangwa. Caciwiri, kodi muli comanga thupi? Ici ndi kayera, nyemba, nshawa, soya, kapenta, nsomba, dzira kapena inswa. Cacitatu, kodi muli cochinjiriza ku matenda? Ici ndi ndiwo zamasamba ndi zipatso. Mukayankha kuti inde katatu, mwadya bwino, ngakhale mbaleyo ikhale yosaoneka mwacilendo.

Zosunga m'nyumba mvula isanayambe

Caka ca sukulu cimayamba mu Januwale, pamene misewu ya ku cigwa iri yovuta koposa. Munthu wanzeru amagula zosaonongeka msanga njira zikali zouma: ufa, mpunga, kayera, nshawa, kapenta, soya wouma, mafuta ophikira, anyezi ndi macesi. Gulani mcere wokhala ndi ayodini, cifukwa umachinjiriza ku cithokomiro. Shuga wa m'dziko lathu anayamba kuikidwa vitamini A mu 1998, komabe shuga wambiri amaononga mano, ndipo salowa m'malo mwa cakudya.

Kumbukiraninso kuti m'madera ambiri a dziko lathu boma limaletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Pa miyezi imeneyi dalirani nyemba, nshawa ndi mazira.

Zambiri simufunika kupita nazo kutali. Alimi a ku cigwa amalima nshawa, mpunga ndi soya, ndipo bungwe la COMACO, limene linayamba nchito yake m'cigwa ca Luangwa mu 2003, limagula mbewu zotere kwa alimi ndi kupanga ciponde. Inunso mungapange ciponde canu: kazingani nshawa, cotsani makoko, ndi kusinja mumtondo kufikira mafuta atatuluka. Koma sankhani nshawa bwino. Zofota, zakuda ndi zacuku tayani, cifukwa cuku cimabala ululu wochedwa aflatoxin, umene umaononga ciwindi, ndipo sumatha ngakhale muphike kapena kukazinga.

Sungani zonsezi m'zitini kapena m'zidebe zotseka bwino. Mbewa ndi anankafumbwe ndiwo adani oyamba, koma ku Malama kulinso njovu, zimene zimamva fungo la cakudya patali, ndipo zimaswa nkhokwe ngakhale nyumba pofuna cimanga.

Zakudya zinai zosavuta

Phala la m'mawa. Wiritsani madzi kapu imodzi ndi theka. Sungunulani masipuni 4 a ufa wa mgaiwa m'madzi ozizira pang'ono, thirani m'madzi owirawo, ndi kutakasa. Phala likabwadamuka kwa mphindi 10, onjezani masipuni awiri a nsinjiro kapena sipuni imodzi ya ciponde. Mgaiwa umaposa ufa woyera cifukwa gaga ndi mtima wa njere zimakhalamo, ndipo m'menemo ndimo muli mavitamini ndi mafuta.

Kandolo wotendera, amene ena amati futali. Sendani kandolo awiri, dulani nthuli, ndi kuphika ndi madzi ocepa ndi kamcere. Akatsala pang'ono kupsa, thirani nsinjiro yosungunula ndi kusiya pamoto kwa mphindi zingapo. Poto ndi mmodzi, mbale ndi imodzi. Kandolo wofiira m'kati ndiye wabwino koposa, cifukwa thupi limatengamo vitamini A, amene amathandiza maso.

Mpunga wa m'poto mmodzi. Kazingani anyezi ndi tomato mmodzi. Tsukani kapenta wodzaza dzanja limodzi ndi kuikamo. Onjezani mpunga theka la kapu ndi madzi kapu imodzi, vundikirani, ndi kucepetsa moto. Madzi akayandikira kuphwa, ikani pamwamba masamba oduladula a cibwabwa kapena bondwe ndi kuvundikiranso. Mafunso atatu aja ayankhidwa onse m'poto umodzi. Kapenta amadyedwa ndi minga yake, ndipo mingayo imalimbitsa mafupa ndi mano athu.

Nsima ndi ndiwo zotendera. Munthu mmodzi amakhuta ndi nsima ya kapu imodzi ya ufa ndi makapu awiri ndi theka a madzi. Yambani ndi ndiwo, cifukwa nsima sicedwa. Phikani cibwabwa, kalembula kapena bondwe ndi madzi ocepa kwa kanthawi kocepa, ndipo msuzi wake musataye. Soda ndi cidulo zimafewetsa masamba, koma zimaononga mavitamini ena, cotero musazizolowere tsiku ndi tsiku. M'dzinja masamba akaculuka, futsani ena ndi kuwaumitsa, kuti m'cilimwe mukhale ndi mfutso.

Pambuyo pa cakudya idyani cipatso ca nyengo yake: mango pamene mvula iyamba, masau ndi malambe m'nyengo youma. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, ndipo vitamini ameneyu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, amene amapanga magazi. Tiyi amacita zosiyana: amatsekereza ayironi. Cotero imwani tiyi wanu patapita ola limodzi mutadya.

Kusunga nkhuni ndi nthawi

Kayera ndi ndiwo yabwino, koma anthu okhala okha amamuopa cifukwa amatha nkhuni. Ndipo ku Malama kukatola nkhuni kutali ndi mudzi ndiko kukakumana ndi njovu. Njira yake nayi. Viikani kayera m'madzi usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ndi kuwiritsa kwambiri kwa mphindi 20. Kenaka phulani poto ali civundikirire, mukulungeni ndi nsalu, ndi kumuika m'dengu limene mwayalamo udzu wouma kapena bulangete lakale. Phimbani pamwamba ndi pambali ponse, osasiya mpata.

Kodi cimacitika nciani? Udzu ndi bulangete zimasunga mpweya pakati pake, ndipo mpweya wosayenda sulola kutentha kuthawa msanga. Cotero kayera amapitiriza kupsa popanda moto. Mukaweruka masana mudzampeza atafewa. Muwiritseninso pamoto, thirani mcere, tomato ndi anyezi, ndipo ndiwo zapsa. Aphunzitsi, ici ndi citsanzo cabwino ca phunziro la sayansi lonena za kayendedwe ka kutentha.

Pophika vundikirani poto nthawi zonse, ndipo chingani mphepo pa mafuwa. Nkhuni za tsanya zimayaka pang'onopang'ono ndi kusiya makala okhalitsa, cotero zocepa zimakwanira. Mbaula ya makala musagone nayo m'nyumba yotseka, cifukwa imatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha.

Za cimbala ndi zakudya zotsala

Kumalo ozizira munthu angaphike ndiwo za masiku awiri. Ku cigwa zimenezi nzoopsa. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, limalangiza kuti cakudya cophika cisakhale poyera koposa maola awiri. Cotero phikani zokwanira kudya kamodzi. Ndiwo zikatsala masana, vundikirani kuti nchenche zisatere, ndipo madzulo muziwiritse kufikira zitabwadamuka ponseponse. Mpunga wogona musadye, cifukwa tizilombo tina ta mumpunga timasiya ululu umene sutha ndi kutenthetsa. Cimbala cimene cayamba kunanda kapena kununkha tayani. Madzi a m'mtsinje kapena a pacitsime cosaphimba wiritsani, kapena thiranimo klorini, musanamwe. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire cakudya.

Cenjezo lina ndi la nyama. Munthu wa nkhuli angakopeke ndi nyama yochipa imene sadziwa kumene yacokera. Mu 2011, m'boma la Chama, kumtunda kwa cigwa comweci, anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa zokha, ndipo ena anamwalira. Nyama yofa yokha musaigwire, musaidye. Kauzeni a zaumoyo kapena alonda a nyama. Kupha nyama za m'thengo popanda cilolezo ndi mlandu. Dzira limodzi la nkhuku ya pakhomo ndi ndiwo yokwanira, ndipo siibweretsa matenda otere kapena mlandu.

Musadye nokha masiku onse

Makolo athu anati kupatsa ndi kuika. Mukaphika kayera wambiri, tumizani mbale kwa mnzanu wa nyumba yoyandikana. Mawa mbaleyo idzabwera ndi therere. Aphunzitsi awiri kapena atatu angapangane kuphika mosinthana. Ana amene mumagona pa sukulu, sonkhani ufa ndi ndiwo, ndi kugawana masiku ophika. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli agogo okhala okha, kawatungireni madzi, kawasinjireni nshawa, ndi kukhala nawo pamene akudya. Iwo adzakuphunzitsani ndiwo za m'thengo zimene simuzidziwa.

Anyamata, nkhaniyi ndi yanunso. Ambiri a inu mudzagwira nchito kutali ndi amai anu, ndipo njala sidzafunsa ngati ndinu mwamuna kapena mkazi. Phunzirani kugwira mthiko mukali pakhomo.

Zocita m'kalasi

Ana, yankhani mafunso awa m'mabuku anu. Chulani mafunso atatu amene tiyenera kufunsa pa mbale iriyonse. Fotokozani cifukwa cake kayera amapsa m'dengu lopanda moto. Nanga ncifukwa ninji cakudya cotsala cimaonongeka msanga ku Malama kuposa ku Chipata?

Aphunzitsi, gawani ana m'magulu. Gulu lirilonse lilembe zakudya za munthu mmodzi za masiku 7, pogwiritsa nchito zokhazo zimene zipezeka m'mudzi mwawo mwezi uno. Kenaka thirani madzi otentha m'mapoto awiri ofanana, limodzi m'dengu la udzu ndi lina poyera, ndipo patapita maola awiri ana ayerekeze kutentha kwake, inu mukuyang'anira kuti wina asapse. Akafika kunyumba, aliyense akaphike phala la nsinjiro pamaso pa amai ake, ndipo adzatiuze mmene linakomera.

Tsalani bwino, aphunzitsi ndi ana nonse, kufikira phunziro lotsatira.