Ambulansi nayonso ili ndi tsiku lake la sikelo

Kuseri kwa zipatala zambiri kuli malo amene alendo saonetsedwa. Ine ndinatulukirako mwangozi, ndikusaka mthunzi pa chipatala china chimene sinditchula dzina. Panali galimoto zitatu zoyera, zonse zitakwezedwa pa miyala. Ina inalibe matayala, ina boneti ili yasa, ndipo pa mpando wa dalaivala thadzi linali phee, likufungatira mazira. Palibe imene inachita ngozi. Zinangotha pang'onopang'ono, kenaka anthu anayamba kuzizula zipangizo kuti inzake yotsalayo iziyendabe.

Kwa anthu a ku Lundazi, nkhani ya galimoto ndi nkhani ya uchembere. Mu 2012 bomali linali limodzi mwa maboma anayi a mu Zambia, pamodzi ndi Nyimba, Mansa ndi Kalomo, amene munayambira ntchito ya Saving Mothers, Giving Life yochepetsa imfa za amayi pochira. Ntchitoyo inatsamira pa zimene Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine anafotokoza mu 1994, zoti mayi amamwalira chifukwa cha kuchedwa patatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kukafika, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika kale. Pofika mu 2016 imfa za amayi m'maboma a ntchitoyo zinali zitatsika ndi 41 pa 100 alionse. Zinathandiza n'zambiri, kuyambira magulu a SMAG olimbikitsa uchembere wabwino m'midzi mpaka nyumba zodikiriramo amayi oyembekezera. Koma kuchedwa kwachiwiri kuja kumayendera matayala. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira angathe kutisiya m'maola awiri okha ngati sanathandizidwe. Ndiye taganizirani wochokera kuchigwa cha Luangwa, ku Chitungulu kapena kwa Kazembe, madera amene tsopano ali m'boma la Lumezi. Kapena wodwala amene wakanika pa Lundazi ndipo akuyenera kutumizidwa ku Chipata Central Hospital, mtunda wa makilomita pafupifupi 180.

Amayi athu amadziwa kale chimene eni galimoto ambiri amachinyalanyaza. Mwana sapita kusikelo chifukwa choti wadwala. Amapita chifukwa tsiku lake lakwana, khadi lili m'manja. Galimoto nayo imafuna chimodzimodzi: kupita kugalaja potsata makilomita amene yayenda, ikadali yabwinobwino.

Mdani wamkulu kuno ndi fumbi. Aliyense amene anayendapo pambuyo pa lole ya thonje kapena ya chimanga mu September amadziwa mmene limakhalira kukamwa. Injini nayo imapuma mpweya womwewo, wambirimbiri pa mphindi iliyonse. M'fumbimo muli timchenga tolimba kwambiri, ndipo fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena ikaikidwa mokhota, timchengato timalowa n'kumapala zitsulo za m'kati ngati sandipepala. Tina timatsikira mu oyilo, oyilo uja n'kusanduka phala lonolera mmalo moteteza. N'chifukwa chake Land Cruiser ya dizilo yoyenda m'misewu ya dothi amaisintha oyilo ndi fyuluta yake pa makilomita pafupifupi 5,000 alionse, osadikira mtunda umene ingayende galimoto ya patala ku Lusaka. Tsono werengerani nokha: ulendo umodzi wopita ku Chipata ndi kubwerako ndi makilomita 360. Maulendo 14 okha, tsiku la sevisi lakwana. Ambulansi yotangwanika imawatha maulendo amenewa mwezi usanathe.

Mabuleki ndiye achinyengo, chifukwa amadwala mwakachetechete. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya. Amtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutadutsa madigiri 230, koma akamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 155 okha. Pamsewu wosalala simungadziwe kanthu. Potsika mtsetse wautali wolowera kuchigwa, phazi lili pa buleki nthawi yonse, mafutawo amatentha, amawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, pedulo n'kungomira mpaka pansi. Kuwasintha zaka ziwiri zilizonse kumatha ndalama zochepa kuyerekeza ndi tayala limodzi.

Za batire, radiyeta ndi madzi olowa mu dizilo nthawi ya dzinja tingazitchule mpaka dzuwa kulowa. Zambiri mwa izo amene amaziona si makanika ayi, koma dalaivala. Ndinaonererapo mmodzi mmamawa, wachikulire ndithu, kasanza kali paphewa. Asanalize injini anasolola kachitsulo koyezera oyilo, anakapukuta, anakabwezera, anakasololanso n'kukayang'anitsitsa kudzuwa. Anagwada n'kusuzumira pansi kuti aone ngati pali dontho. Anazungulira matayala onse, n'kumakhudza nati iliyonse ndi sipanala. Mnyamata womuthandiza atayamba kuchita changu, anangoti, "Iwe mwana wanga, galimoto imayankhula mmawa. Masana imangokuwa." Zonsezo sizinathe mphindi khumi.

Pali bungwe limene linamanga ntchito yake yonse pa mphindi khumi zimenezi. Riders for Health inayambitsidwa ndi Barry Coleman, Andrea Coleman ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, ataona kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti njinga zamoto zoperekedwa kwa azaumoyo mu Africa zinkatayidwa zitangoyenda pang'ono chifukwa chosowa kachipangizo kotchipa. Njira yawo njosavuta kuimva. Wokwera aphunzitsidwe kuyendera njinga yake tsiku lililonse. Makanika azipita komwe kuli njingayo pa nthawi yoikika. Ndalama ziwerengedwe pa kilomita iliyonse, kuti mtengo wa tcheni ndi matayala ukhale utasungidwa zinthuzo zisanathe. Bungweli lagwirapo ntchito mu Zambia, ndipo ku Malawi okwera ake amanyamula magazi ndi makhololo okayezetsa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono kupita kumalabotale.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti timapunthwa. Ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo boma linakonza zogula ma ambulansi 156, imodzi pa dera lililonse. N'zoyamikika. Koma walira mvula walira matope. Tsiku lolandira ambulansi pamakhala ng'oma, nthungululu ndi zithunzi. Tsiku losintha oyilo palibe amene amavina. Ndalama zikachepa, mzere woyamba kudulidwa ndi wa sevisi, popeza galimoto ikuoneka kuti ikuyenda. Ndipo pamene ambulansi ili imodzi yokha, mkulu wa chipatala amavutika mumtima kuiimika tsiku lathunthu odwala akudikira. Ndimamumvetsa. Komabe tsiku loimika mwadala mumalisankha nokha, mumachenjeza zipatala zing'onozing'ono, mumabwereka ina kwa anansi a ku Chasefu kapena ku Lumezi. Tsiku loima yokha imasankha galimotoyo, ndipo imakonda usiku, m'matope a February.

Satifiketi ya bungwe loona za pamsewu la RTSA yomata pagalasi imangonena mmene galimoto inalili tsiku limene inayezedwa. Chimene a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi angapemphe kuona ndi buku la maulendo: sevisi yomaliza inachitika pa makilomita angati, ndipo lero mita ikuwerenga angati? Angathenso kuwerama n'kuwerenga tayala. M'mbali mwake, kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT, pamakhala manambala anayi. Akakhala 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mphira umakalamba ndi dzuwa ngakhale mizere yake ikuonekabe yakuya, ndipo tayala limene limaiwalika kawirikawiri ndi la sipeya lija lopachikidwa kuchitseko chakumbuyo.