Windows wakale m'kompyuta yatsopano: chifukwa chiyani amakana kulowa?

TETE — Aliyense amene ali ndi papelaria, ofesi yaing'ono kapena malo osindikizirapo mapepala akudziwa kuti kompyuta ikafa, sifa yokha. Mwini wake amagula yatsopano poganiza kuti mavuto atha, koma akafika nayo pamalo a ntchito amapeza kuti impressora imene yamutumikira zaka khumi siikumva, ndipo pulogalamu imene amasungiramo mabuku a ndalama siikutseguka. Zikatero amathamangira kwa wokonza makompyuta ndi pempho limodzi: achotsemo Windows 11 ndi kuikamo Windows 7 kapena XP amene ankagwira ntchito bwino. Pempholi limamveka lapafupi, koma pa makina a masiku ano ndi ntchito yovuta, ndipo nthawi zina siitheka n'komwe.

Chimene anthu amafunira zakale

Sikuti onse ofuna Windows wakale ndi anthu okana chitukuko ayi. Pa 7 Novembala 2015 ndege zinaima kwa kanthawi pabwalo la Orly ku Paris, kunja kuli chifunga, chifukwa pulogalamu ya DECOR, imene inkathandiza kupereka uthenga wa nyengo kwa oyendetsa ndege, inawonongeka. Pulogalamuyo inkayenda pa Windows 3.1 wa chaka cha 1992. Ngati bwalo lalikulu chotere linkadalira zakale, nanga bwanji munthu wa bizinesi yaing'ono?

Vuto lenileni lili apa: mapulogalamu ambiri a zaka za m'ma 1990 analembedwa m'njira ya 16-bit, ndipo Windows wa 64-bit sawayendetsa. Windows 11 alipo wa 64-bit yekha. Komanso makampani opanga ma impressora, ma scanner ndi makina a m'malaboratore amasiya kulemba madalaivala a zipangizo zawo zakale, popeza iwo akufuna kugulitsa zatsopano. Chipangizo chili chamoyo, koma palibe chochilumikiza ndi kompyuta yatsopano.

Khomo loyamba: BIOS anapita

Kompyuta ikayaka, Windows asanayambe, pali kapulogalamu kakang'ono ka m'kati mwa makina kamene kamadzutsa ziwalo zonse. Kuyambira pa IBM PC ya 1981 ntchito imeneyi inali ya BIOS. Lero malo ake anatenga UEFI. Kwa zaka zingapo opanga makompyuta ankasiyamo gawo lotchedwa CSM, limene linkachititsa UEFI kukhala ngati BIOS kuti Windows wakale asasochere. Mu 2017 kampani ya Intel inalengeza kuti pofika 2020 idzasiya kuchirikiza gawo limeneli, ndipo ma laputopu ambiri atsopano alibenso CSM.

Windows XP wamba sadziwa kuyaka pa UEFI. Windows 7 wa 64-bit amaidziwa pang'ono, komabe amafuna BIOS yakale pa zooneka pa sikirini, n'chifukwa chake pa makina opanda CSM amaima pa mawu oti “Starting Windows” osapitirira. Palinso Secure Boot, loko yoletsa sistema yosadziwika kuyaka, imene iyenera kuzimitsidwa kaye.

Khomo lachiwiri: palibe womasulira

Dalaivala ndi ngati womasulira pakati pa Windows ndi chiwalo cha kompyuta. Popanda iye, awiriwa samvana. Windows 7 anatuluka mu Okutobala 2009, USB 3.0 isanafalikire, choncho chimbale chake chilibe womasulira wa USB 3.0. Kufikira 2015 izi sizinkavuta, popeza makina anali ndi njira yakale ya USB 2.0 pambali. Koma mu 2015, pamodzi ndi mapurosesa a Skylake, Intel anachotsa njira yakaleyo. Zotsatira zake n'zoseketsa kwa woonerera koma zowawa kwa wokonza: sikirini yosankhira chilankhulo imabwera bwinobwino, koma kiyibodi ndi mbewa zonse zili zii, ndipo flash yomwe ukuikira Windows siionekanso.

Akatswiri amadutsa apa m'njira ziwiri. Ena amagwiritsa kiyibodi ya pulagi yozungulira ya PS/2, ngati kompyutayo ili ndi malo ake. Ena amalowetsa madalaivala a USB 3.0 m'kati mwa mafailo oikira Windows asanayambe ntchito, ndipo makampani monga Gigabyte ndi ASUS anatulutsapo tizida tochitira zimenezi. Akadutsa pamenepo amakumana ndi disiki: ma SSD a mtundu wa NVMe nawonso saoneka kwa Windows 7 mpaka atalowetsamo chigamba chapadera chimene Microsoft anatulutsa pambuyo pake.

Kwa XP, amene anatuluka mu Okutobala 2001, zinthu n'zoipa koposa. Iye sadziwa ngakhale njira ya AHCI imene madisiki a SATA amagwiritsa, ndipo amagwa ndi sikirini yabuluu yolembedwa 0x0000007B. Mankhwala ake akale anali kudina F6 ndi kumupatsa dalaivala kuchokera pa disketi, chinthu chimene ana a lero sanachionepo. Ngakhale atalowa, XP wa 32-bit sagwiritsa memori yoposa 4 GB, ndipo kawirikawiri amaona yongopitirira 3 GB pang'ono. Disiki yoyakirapo nayonso siingapitirire 2 TB. Munthu amene walipira mametikali ambiri pa kompyuta ya 16 GB amakhala wataya gawo lalikulu la chimene wagula.

Khomo lachitatu: eni ake anatseka

Mu Januwale 2016 Microsoft analengeza kuti mapurosesa atsopano azichirikizidwa pa Windows 10 yekha, ndipo mu 2017 anayamba kukaniza zigamba za Windows 7 ndi 8.1 pa makina a Intel Kaby Lake ndi AMD Ryzen. Popanda madalaivala a zithunzi, a Wi-Fi ndi a mawu, Windows angathe kulowa koma kompyuta n'kukhala yolumala: zilembo zikuluzikulu, intaneti palibe, batire kutha msanga.

Ngozi yaikulu ili pa intaneti

Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa, ndipo pa nkhani ya chitetezo mwambiwu ndi woona. Microsoft anasiya kutseka mabowo a XP pa 8 Epulo 2014, a Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Bowo lililonse limene akuba apeza mu XP kapena 7 lero limakhala lotseguka. Nayo Chrome inalekezera pa nambala 109 pa Windows 7 kumayambiriro kwa 2023.

Dziko linaona tanthauzo la zimenezi pa 12 Meyi 2017, pamene kachilombo ka WannaCry kanatseka mafailo m'makompyuta a m'mayiko oposa 150 ndi kufuna dipo. Ku Britain zipatala za NHS zinabweza odwala ndi kuimitsa maopaleshoni. Ambiri mwa makina amene anagwidwa anali a Windows 7 osalandira chigamba chimene chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Nthawi imeneyo chigamba chinalipo. Lero kwa Windows 7 wamba kulibe.

Pamalo ngati papelaria, pamene flash ya kasitomala aliyense imalowa m'kompyuta imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kachilombo sikafuna n'komwe intaneti kuti kafike. Awerengi achenjerenso ndi makope a Windows “okonzedwa kale” amene amapezeka mwaulere: palibe amene angakuuzeni zimene wokonzayo anabisamo.

Njira zina zopulumukira

Njira yoyamba ndi kusiya Windows watsopano pamalo pake ndi kuika wakaleyo m'kati mwake, monga mlendo wopatsidwa chipinda m'nyumba. Pulogalamu ya VirtualBox, imene ndi yaulere, imanamiza XP kapena 7 kuti ali pa kompyuta ya nthawi yake, yokhala ndi BIOS ndi disiki zimene amazidziwa. Impressora kapena scanner ya USB ingathe kuperekedwa kwa mlendoyo, ndipo intaneti mungamutsekere. Pa mapulogalamu a DOS pali DOSBox, nayonso yaulere.

Njira yachiwiri ndi ya makina amene amalumikizidwa ndi khadi yolowetsa m'kati mwa kompyuta kapena ndi chingwe chachikulu cha parallel, zimene kawirikawiri sizigwira bwino mu VirtualBox. Apa nzeru ndi kugula kompyuta yogwiritsidwapo kale ya zaka zomwezo, kuipatsa ntchito imodzi yokhayo, kuichotsa pa intaneti, ndi kusunga kope ya disiki yake yonse pamalo ena.

Njira yachitatu ndi kuyesa Linux, amene amamvabe ma impressora ambiri akale amene Windows anawataya, ngakhale mapulogalamu a Windows sayenda onse pamenepo.

Musanapereke kompyuta yanu kwa wokonza, mufunseni zinthu zitatu: ngati makinawo ali ndi CSM, ngati madalaivala a Windows amene mukufunayo alipo kwa opanga makinawo, ndiponso ngati mafailo anu akopedwa kaye asanafufute disiki. Safunsa anadya phula. Ndipo chilichonse chimene mungasankhe, kompyuta ya XP kapena Windows 7 isakhale yolowera ku banki, yolipirira msonkho kapena yosungiramo zikalata za makasitomala.