CIMBALE CIKAKANDIKA MALONDA AIMA: ZA KUKOPERA MASEWERA KU LUANGWA

Munthu wodutsa madzulo pakati pa tuntemba m'komboni ya Luangwa ku Kitwe angathe kumva mfuu ya anyamata ikucokera m'kacipinda ka malata, naganiza kuti kapena Nkana yagoletsa Power Dynamos. Koma akasuzumira apeza benci, kanema wakale ndi kabokosi kakuda ka PlayStation 2, anyamata awiri atagwira zoongolera m'manja, ena akudikira nthawi yao. Aliyense amalipira kandalama pa mpikisano umodzi, ndipo wogonja amasiyira mnzace malo. Luangwa ameneyu si mtsinje uja wa kum'mawa kapena boma lija kale linali kuchedwa Feira iai, ndi komboni ya ku Migodi.

Cuma ca mwini kacipinda kotere ndico kanema, makina ndi masewera. Mwa zitatuzi, cimene cinali kusowetsa tulo eni malonda kwa zaka zambiri ndico cimbale cosungiramo masewerawo.

Cimbale ca DVD ciri ndi masentimita 12 m'mimba mwace, ndipo kucindikala kwace ndi mamilimita 1.2 okha. Makina amaciwerenga ndi kadiso ka kuwala kochedwa laser. Cimbale cikakandika, makamaka ngati mzerewo wazungulira motsata njira ya kadisoko, masewera amaima pakati, kapena pa kanema pamaoneka mau owawa aja akuti "Disc Read Error". M'nyumba ya munthu mmodzi cimbale cingakhale zaka zambiri. Koma m'kacipinda ka m'komboni, momwe cimalowa ndi kuturuka kambirimbiri pa tsiku m'manja a thukuta, ndiponso m'fumbi la mwezi wa September, moyo wace ndi waufupi. Ena anali kucipukuta ndi mankhwala otsukira mano poyesa kufafaniza timizereto. Nthawi zina cinali kucira kwa masiku owerengeka, nthawi zambiri osacira konse.

Apa ndi pamene panacokera nzeru ya kukopera. Mwini cimbale ceni-ceni amaciika mu kompyuta, natenga zonse ziri m'menemo kuziika m'failo imodzi yochedwa ISO, kenaka ndi kuiocha pa cimbale copanda kanthu. Ceni-cenico amacisunga m'bokosi, anyamata naseweretsa cokopera. Cokopera cikafa, amaocha cina.

Komatu kampani ya Sony inaziganizira kale zimenezi. Pamene inatulutsa PlayStation yoyamba ku Japan m'mwezi wa December 1994, inabisa cizindikiro pafupi ndi pakati pa cimbale ciriconse. Kanjira ka pamenepo kanapangidwa mokhota-khota pang'ono, ndipo m'kukhotako makina amawerengamo zilembo zinai zosonyeza dera: SCEI ku Japan, SCEA ku America, SCEE ku Ulaya. Makina oocera zimbale a mu kompyuta sangathe kulemba kukhota kumeneku, popeza cimbale copanda kanthu cimabwera ndi kanjira kace-kace kucokera ku fakitale. Anthu ambiri anali kukhulupirira kuti cinsinsi cinali mu utoto wakuda wa kunsi kwa zimbalezo, koma utotowo sindiwo unali loko. PlayStation 2, imene inatuluka m'mwezi wa March 2000, nayonso inali kukana cimbale cooca pa kompyuta ndiponso ca dera lina.

Tsono amisiri anapeza mfungulo. Ndiko kacipangizo kakang'ono kochedwa chip, kamene amakalumikiza m'kati mwa makina kuti kaziwanyenga kuti cimbale ciri m'katimo ndi ceni-ceni. Pa PlayStation yoyamba nchitoyi inali ya mawaya owerengeka. Pa PlayStation 2 inali ya mawaya ambiri opyapyala ngati tsitsi, ndipo dzanja lonjenjemera linali kupha makina onse. Anyamata okonza mawailesi ndi mafoni m'misika monga wa Chisokone anaphunzira nchito zotere poonerera anzao, popanda kalasi kapena buku.

Funso limene liyenera kufunsidwa mosabisa ndi lakuti, kodi zimbale zonsezi zinalidi zosungira? Kope yosungira ndi ija imene munthu amapanga kucokera pa cimbale cimene anagula iye mwini, ndipo iri ndi mace m'bokosi. Koma zimbale zambiri za m'makomboni a Kitwe ndi Ndola zinalibe mai. Zinali zokopera za zokopera, zogulidwa pa msika m'kapepala ka pulasitiki, dzina la masewera litalembedwa ndi inki pamwamba. Cifukwa cace ncosabvuta kucimvetsa. Makina ambiri anali kufika m'dziko muno atagwirapo kale nchito kunja, ndipo cimbale ceni-ceni cinali cosowa m'masitolo ndiponso codula koposa, pamene copanda kanthu cinali ca mtengo wotsika. Mnyamata amene akufuna kudyetsa banja ndi timakobili ta ana a sukulu sanali kuona njira ina. Ngakhale ziri tero, kusowa sikusandutsa katundu wa mwini kukhala wako, ndipo lamulo silifunsa za mtengo wa ku sitolo.

M'Zambia nkhani imeneyi iri pansi pa lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, limene limateteza mabuku, nyimbo, mafilimu ndiponso mapulogalamu a kompyuta. Kugulitsa zinthu zokopera popanda cilolezo ca mwini ndi mlandu. Lamuloli linakonzedwanso mu 2010, ndipo mu 2013 Boma linayambitsa kacidindo konyezimira kochedwa hologram, komata pa zimbale za nyimbo ndi mafilimu, kuti wogula ndi wapolisi azitha kusiyanitsa ceni-ceni ndi cakuba. Amene anali kulira kwambiri pa nthawiyo ndi oimba a m'dziko muno, amene nyimbo zao zinali kufika pa msika iwo asanaone ngakhale ngwee imodzi. Koma pa thebulo la wogulitsa, cimbale ca masewera cinali kugona pamodzi ndi ca nyimbo, cifukwa zonse zinali kucokera m'makina amodzi oocera.

Maiko ena nawonso anabvutika kupeza malire. Ku America lamulo la 1980 linalola mwini pulogalamu ya kompyuta kupanga kope yosungira, ndipo maiko a ku Ulaya anacita cimodzi-modzi mu 1991. Koma mu 1998 America inaikanso lamulo loletsa kuthyola loko wa mwini, kotero kuti munthu anatsala ndi ufulu wa kusunga kope imene sangaiseweretse popanda kulakwira lamulo lina. Ku Britain khoti lalikuru linagamula mu 2004 kuti malonda a ma chip ndi osaloledwa. Caka cotsatira, khoti lalikuru la ku Australia linagamula mosiyana pa mlandu wa Sony ndi Eddy Stevens. Kacipangizo kamodzi-modzi, maweruzo awiri.

Kukopera kunalinso ndi mtengo wace wobisika. Cimbale cooca sicibweza kuwala bwino monga cija ca ku fakitale, ndipo amisiri okonza makinawa amanena kuti cimatopetsa kadiso msanga, makamaka cikakhala ca mtundu wacabe. Amene anapulumutsa ndalama pa cimbale anali kukazisiya kwa mmisiri.

Cimene cinathetsa bvutoli sicinali apolisi kapena makhoti. Mu 2008 panatuluka kapulogalamu kochedwa Free McBoot, kamene kamakhala pa kakhadi kosungirapo zigoli, ndipo kamatsegula makina popanda kulumikiza waya ndi mmodzi yemwe. Pambuyo pace panabwera Open PS2 Loader, imene imawerenga mafailo a ISO kucokera pa flash kapena pa hard disk. Makina akale aja onenepa ali ndi malo oikamo hard disk m'kati. Ang'ono opyapyala a 2004 alibe, cotero eni ace amadalira pa USB, imene pa makinawa ndi yocedwa, ndipo zithunzi zina zimayenda modukiza-dukiza. Poyamba failo yoposa magigabaiti 4 inali kuyenera kuyamba yadulidwa zidutswa-zidutswa kuti ilowe pa flash. Zonsezi anyamata a m'komboni amazidziwa bwino koposa makolo ao amene amadandaula kuti tizipindati tikuba nthawi ya sukulu, ndipo dandaulo limenelo nalonso siliri lopanda pace.

Sony inaleka kupanga PlayStation 2 kumayambiriro kwa 2013, itagulitsa makina oposa 155 miliyoni pa dziko lonse. Masewera a mpira otsiriza pa makinawa, FIFA 14 ndi Pro Evolution Soccer 2014, anatuluka m'caka comweco. Kuyambira pamenepo palibe cimbale catsopano cimene munthu angagule kulowa m'malo mwa cokandika, ndipo masewera ambiri a nthawi imeneyo akali ndi moyo m'makomboni cifukwa ca makope omwe aja anali kuchedwa akuba. Okonda mpira amatenga masewera akale a Konami ndi kusinthamo maina a osewera ndi mayunifomu kuti agwirizane ndi caka cino. Ku Brazil nchito yotere inachuka ndi dzina lakuti Bomba Patch.

Mu 2020 Sony inatulutsa PlayStation 5 ya mitundu iwiri, ndipo mtundu umodzi ulibe ndi pakamwa pomwe poikapo cimbale. Masewera ace amagulidwa pa intaneti, namangiriridwa ku akaunti ya wogula, kotero kuti sangawabwereke kwa mnzace monga cimbale, kapena kuwagulitsa pa msika akatopa nawo.