Mafuta abwino ndi amene amayaka pa nthawi yake

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga ndi kufufuza mmene mafuta amayakira mu injini, ambiri amandifunsa ngati n'zoona kuti petulo wathu amamuthira kachasu. Sanaphonye kwenikweni. Ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo ndi chinthu chomwecho chimene chimaledzeretsa mu kachasu, kungoti wachotsedwa madzi pafupifupi onse. Dziko lino linayamba kusakaniza mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku molasesi, madzi akuda onata aja otsala popanga shuga. PressCane ya ku Chikwawa inatsatira mu 2004.

Nanga n'chifukwa chiyani ethanol amapita mu petulo osati mu dizilo? Gwero lake ndi lakuti injini ziwirizi zimafuna mafuta a makhalidwe osiyana kotheratu.

Injini ya petulo imakoka mpweya wosakanikirana ndi mafuta, pisitoni n'kuupanikiza, kenako pulagi n'kuthetheka. Apa timafuna mafuta odekha, odikira pulagi ngakhale kutenthe bwanji. Akapanda kudekha, mafuta amene lawi silinawafike amaphulika okha, ndipo mumamva kugogoda kuja galimoto ikamakwera chitunda italemedwa. Kugogodako kukapitirira kumadya pisitoni. Kudekha kumeneku timakuyeza ndi nambala ya octane. Petulo wa pa filing'i siteshoni amakhala cha m'ma 90, pamene ethanol amapitirira 105. Ndiye kuti ethanol amamulimbitsa mtima petulo.

Injini ya dizilo ilibe pulagi yothetheka. Imapanikiza mpweya wokhawokha mpaka kutentha kupitirire madigiri 500, kenako n'kupoperamo mafuta. Mafutawo ayenera kudziyatsa okha, mosazengereza. Changu chimenechi timachiyeza ndi nambala ya cetane. Dizilo wabwino amakhala cha pa 50, pamene ethanol safika ndi 15 yomwe. Akachedwa kuyaka, mafuta amaunjikana mu silinda n'kuphulika onse pamodzi. Injini yozungulira ka 3,000 pa mphindi imazungulira ka 50 pa sekondi imodzi, choncho kuchedwa kumene munthu sangakuone ndi maso kumasokoneza zonse. Mabasi a Scania amene ankayendera ethanol ku Stockholm ankatheka chifukwa mu mafutawo ankathiramo mankhwala ofulumizitsa kuyaka, komanso injini zake zinkapanikiza mpweya kwambiri kuposa za dizilo wamba.

Kusiyanaku kumachokera pa kapangidwe ka timagawo ting'onoting'ono ta mafuta. Tiyerekeze ndi mikanda ya pa ulusi, mkanda uliwonse n'kukhala kaboni. Dizilo ndi ulusi wautali, ndipo mafuta a zomera ali ndi ulusi wa mikanda 16 kapena 18. Ulusi wautali umapindika, ndipo oxygen imapeza malo ambiri ogwira, motero umayamba kuduka kutentha kusanafike patali. Ethanol ali ndi mikanda iwiri yokha, ndiye sagonja msanga. Chifukwa cha ulusi wautali uja, mafuta a mtedza, a soya kapena a msatsimanga ndi abale a dizilo. Pa chionetsero cha ku Paris mu 1900, injini ya mtundu umene Rudolf Diesel anatulukira inayendera mafuta a mtedza.

Izi sizikutanthauza kuti mwini chigayo angotenga mafuta ophikira n'kuthira m'thanki. Mafuta aiwisi ndi okhuthala kuposa dizilo pafupifupi kakhumi. Sapopereka bwino, sapsa onse, ndipo zotsalazo zimamata m'mainjekitala ndi m'maring'i a pisitoni. Kuti akhale biodiesel amaphikidwa ndi methanol pamodzi ndi soda wamphamvu, n'kuchotsamo glycerine, ndipo akatero amayaka bwino ngati dizilo, nthawi zina kuposa.

Pali dandaulo lina la madalaivala ndi a kabaza limene sindilitsutsa, lakuti petulo wosakaniza sachedwa kutha. Gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa ethanol ndi oxygen, ndipo oxygen si nkhuni. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yokwana magawo awiri okha mwa atatu a lita ya petulo. Koma tiwerengere bwino: ngati ethanol ndi 10 peresenti, mafuta owonjezera amene galimoto imamwa ndi pafupifupi 3 peresenti basi. Ngati yanu ikumwa kuposa pamenepo, makaniko ayang'ane mapulagi, fyuluta ndi matayala. Oxygen yomweyo ndi imene imathandiza kuti mafuta apse bwino, utsi wakuda ndi carbon monoxide zichepe.

Ethanol alinso ndi zofooka ziwiri zofunika kuzidziwa. Sasanduka nthunzi msanga kukazizira. Ku Brazil, kumene boma linayambitsa pologalamu ya Proálcool mu 1975, galimoto zoyendera ethanol yekha zinkakhala ndi kathanki ka petulo koliziramo injini m'mawa. Kwa ife amene timangosakaniza, vutoli ndi laling'ono ngakhale mu June ku Dedza. Chofooka chachikulu ndi madzi. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo madzi akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki limodzi ndi madziwo. Pamwamba pamatsala petulo wotsika octane, pansi pali zinthu zimene injini singayendere.

Choncho pewani petulo wa m'zigubu zokhala pululu, tsekani bwino chivindikiro cha thanki nyengo ya mvula, ndipo musasiye mafuta akale miyezi yambiri mu jenereta kapena mu njinga yamoto. Mukamva injini ikugogoda, musadikire kuti isiye yokha, pitani nayo kwa makaniko.