Njinga yakale isagone pakhonde chifukwa cha gudumu

Aliyense amene anayendapo m'makomboni a m'mapulazi ozungulira Mvurwi, tawuni ya fodya yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Harare, amaidziwa njinga yakuda ija ya mabuleki a ndodo ndi kaliyala wachitsulo. Zina mwa njingazi, monga za Raleigh ndi Humber, zinagulidwa ndi makolo amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, tawuniyi idakatchedwa Umvukwes. Ambiri a iwo sanabwererenso kwawo, ndipo njingazo zinatsalira ana ndi zidzukulu.

Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene boma linayamba kugawa minda ya azungu, mabanja ambiri ogwira ntchito m'mapulazi anataya ntchito pamodzi ndi mathirakitala ndi malole amene ankawanyamula. Kwa banja lotere, njinga ndiyo imapititsa chimanga kuchigayo, wodwala kuchipatala, ndi bambo kumaganyu. Gudumu likapindika, zonsezi zimaima.

Vuto limabwera pogula lina. Munthu amalowa m'sitolo, nanena kuti akufuna gudumu la 28, amalipira, koma pofika kunyumba amapeza kuti tayala lake silikulowa kapena mabuleki sakugwira. Wogulitsa sanamunamize ayi. Chomwe chilipo n'chakuti dzina limodzi la mainchesi limaimira milingo yosiyana.

Mlingo wodalirika ndi nambala ziwiri zolembedwa m'mbali mwa tayala, mwachitsanzo 40-635. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu pamene tayalalo limakhazikika, zonse m'mamilimita. Njinga yakuda ya makolo, komanso za Hero ndi Phoenix zopangidwa mofanana nayo, zimavala 28 x 1 1/2, yomwe ndi 635. Njinga zakale za mpikisano, zopyapyala matayala, zambiri zimavala 27 x 1 1/4, yomwe ndi 630. Za mpikisano za masiku ano zimavala 700C, yomwe ndi 622, ndipo pamatayala ena a mlingo umenewu amalembapo 28. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, pakuti 635 ndi 622 zimasiyana ndi mamilimita 13. Nayo 26 ili ndi milingo yosiyanasiyana: ya njinga za m'mapiri ndi 559, pamene 26 x 1 3/8 ndi 590.

Chachiwiri choyang'ana ndi mabuleki. Mabuleki a ndodo amakoka mphira kuti zigwire kumimba kwa limu, kufupi ndi masipoko, choncho amafuna limu lotambalala la mtundu wa Westwood. Mabuleki a waya amapana limu m'mbali. Kuika limu la mtundu wina ndiko kutsetsereka ndi thumba la chimanga popanda choimitsira. Mwini njinga ya 27 angathe kusinthira ku 700C, yomwe matayala ake savuta kupeza, pokhapokha ngati mphira za mabuleki zingatsike mamilimita 4 kuti zifike palimu.

Chachitatu ndi mpata wa fulemu pamene gudumu lakumbuyo limalowa. Njinga zakale za magiya asanu zili ndi mpata wa mamilimita 120, za magiya asanu ndi limodzi 126, pamene magudumu a mpikisano amene anabwera pambuyo pake amafuna 130. Mmisiri wodziwa angathe kutambasula pang'ono fulemu yachitsulo, koma ya aluminiyamu siyenera kukakamizidwa chifukwa imang'aluka. Onaninso magiya: pamagudumu akale amachita kupotera pahabu, pamene paatsopano amachita kulowetsa, ndipo mitundu iwiriyi siisinthana.

Nthawi zambiri sipafunika kugula gudumu lathunthu. Ngati habu ili bwino, wokonza njinga angathe kulukira limu latsopano pahabu yakaleyo. Choyamba werengani mabowo a masipoko. Magudumu ambiri ali ndi 36, koma njinga zambiri zakale za ku Britain zili ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, ndipo limu ndi habu ziyenera kulingana mabowo. Magudumu a njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief, ndi olimba ndithu, koma ndi a mainchesi 26 ndipo sangalowe m'malo mwa a 28.

Apa alangizi ndi atsogoleri a makalabu a alimi ali ndi gawo lawo. Pamsonkhano, pemphani aliyense abwere ndi njinga yake, mulembe m'kope nambala za patayala, mabowo a masipoko ndi mtundu wa mabuleki. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, ndalama zili m'thumba, munthu mmodzi angathe kupita ku Harare ndi kopelo kukagulira anzake onse, ndipo thiransipoti imalipiridwa kamodzi. Amene akupita yekha anyamule gudumu lakalelo, ngakhale litapindika chotani, akaliyerekeze ndi latsopano asanatulutse ndalama. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pankhani ya gudumu, funso loyamba lipite kwa tayala lenilenilo, pakuti yankho linalembedwa kale m'mbali mwake.