Ndalama zolerera mwana: khoti limaziwerengera bwanji?

Banja likatha, kapena mwana akabadwa makolo ake asanakwatirane, funso loutsa mkangano limakhala limodzi: azipereka zingati pamwezi? Ena amaganiza kuti boma linaika mtengo umodzi wa mwana aliyense, ena amati khoti limadula theka la malipiro a bambo. Zonsezi si zoona. Malamulo a dziko lino sanaike chiwerengero chokhazikika, koma anapatsa khoti mfundo zoti liziyang'ana pa mlandu uliwonse paokha. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo yoyenera kwa anthu a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, kumene ambiri sadziwa pepala la malipiro a pamwezi. Komabe imathandiza mwana pokhapokha makolo akafika kukhoti ndi umboni m'manja.

Maziko ake ali mu ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko, yomwe imati ana onse ndi ofanana pamaso pa malamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo ayenera kusamalidwa ndi makolo awo, kaya ali pabanja, analekana kapena sanakwatiranepo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, ndilo limafotokoza njira yake, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mlandu umapita kukhoti la ana, lomwe amaweruza ndi majisitireti. Wodandaula angakhale mayi, bambo kapena wina aliyense amene akulera mwanayo. Agogo amene anasiyiridwa zidzukulu makolo atapita ku Joni nawonso ali ndi ufulu wopempha chithandizo.

Poweruza, khoti limayang'ana ndalama ndi chuma cha makolo onse awiri, osati cha bambo yekha. Limaonanso ngati woyenera kupereka ali ndi matenda kapena ulumali womulepheretsa kugwira ntchito, ngati ali ndi ana ena amene akuwalera, komanso kukwera mtengo kwa zinthu kudera kumene mwanayo akukhala. Tiyerekeze kuti mwana amafuna K90,000 pamwezi pa chakudya, sopo, zovala, makope ndi ulendo wa kuchipatala. Bambo ake amapeza K200,000 pa ntchito ya kuesiteti, mayi ake amapeza K100,000 pogulitsa usipa. Pa ndalama zonse za makolowa, magawo awiri mwa atatu ndi a bambo, choncho n'zomveka kuti iwo apereke K60,000, mayi K30,000. Masamu amenewa sanalembedwe m'lamulo, angotionetsa mmene chilungamo chimayendera pa nkhaniyi. Majisitireti angakweze gawo la bambo poona kuti mayi ndiye amaphika, kuchapa ndi kuchezera usiku mwana akadwala malungo, kapena angalitsitse ngati bambo ali ndi ana ena atatu kunyumba.

Wina anganene kuti kukanakhala bwino kuika peresenti imodzi kuti aliyense adziwiretu. Ku Britain amatero ndithu: kwa anthu ambiri, kholo losakhala ndi ana limapereka 12 peresenti ya malipiro ake pa mwana mmodzi, 16 pa ana awiri ndi 19 pa atatu kapena kuposerapo. Koma kumeneko malipiro a anthu ambiri amadziwika ku ofesi ya misonkho. Kuno peresenti ingagwire wogwira ntchito ku esiteti ya labala ya Vizara, ku tiyi wa Kawalazi, mphunzitsi kapena wophika kumalo ogona alendo ku Kande. Nanga mwini chilimira? Usiku wina bwato lake limabwera lodzaza ndi usipa, pomwe nyengo ya mwera, cha m'ma June ndi July, angathe masiku angapo osalowa m'nyanja. Nanga mlimi wa chinangwa amene chuma chake chili m'nthaka, kapena bambo wa maganyu ku Johannesburg? Peresenti ya malipiro osalembedwa paliponse ingapanikize olembedwa ntchito okha, n'kumasula ena opeza bwino kuwaposa. N'chifukwa chake lamulo linachita bwino kutchula chuma pamodzi ndi ndalama. Munthu wa injini ya bwato, makoka ndi nyumba ya lendi pa Chintheche sangapulumuke ponena kuti sali pa ntchito.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera: ngati palibe pepala la malipiro, munthu angathe kunama. Izi zimachitika, ndipo apa m'pamene wodandaula ayenera kukonzeka. Mayi amene wangonena kuti "sakundithandiza" wasiyira khoti ntchito yongoganizira. Wina amene wabwera ndi kope lolembamo zimene amagula pamwezi, malisiti a sukulu, buku la kuchipatala la mwana, ndi mauthenga a pafoni osonyeza tsiku lomaliza limene analandira ndalama pa Airtel Money, Mpamba kapena Mukuru, wapatsa majisitireti poyambira. Mboni yodziwa kuti bwato lakuti ndi la ndani imathandizanso. Khoti lingapemphe a ofesi yosamalira anthu kuti akafufuze mmene mabanja awiriwo akukhalira n'kubweretsa lipoti. Bambo woona mtima nayenso amatetezedwa ndi umboni womwewu, chifukwa akasonyeza kuti ndalama zake zimabwera mwa nyengo, angapemphe kuti kaperekedwe kake katsate zimenezo. Wokana mwana, khoti lili ndi mphamvu yoyamba laweruza za ubambo, ngakhale kulamula kuti akayezedwe kuchipatala.

Abambo ena amati ndalamazo akadyera mayi ndi mwamuna wake watsopano. Nkhawa imeneyi ili ndi yankho lake m'khoti momwemo: bambo anene poyera, apemphe kuti fizi azilipira yekha kusukulu, ndipo ngati pali umboni wakuti ndalama zikusakazidwa, abwerere kukadandaula. Kusiya kupereka kumalanga mwana amene sanalakwe chilichonse. Ena amati nkhani za banja n'za ankhoswe ndi mafumu. Kukambirana kumudzi n'kwabwino, ndipo nkhani zambiri zimathera komweko kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Koma lonjezo la pakamwa likaphwanyidwa, palibe womukakamiza munthu. Chigamulo cha khoti chili ndi mphamvu: ndalama zingadulidwe kumalipiro ake, ndipo wonyozera dala angalangidwe.

Chigamulocho chingasinthidwenso. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero ndalama imene inkakwana kale lero singagule zomwezo. Wolera mwana angapemphe kuti ikwezedwe, wopereka amene ntchito yamuthera angapemphe kuti itsitsidwe, ndipo chithandizo chingapitirire mwana atakwana zaka 18 ngati akadali pasukulu. Wosowa ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Bureau. Tsono lamulo likatipatsa mpata wofotokoza moyo wathu weniweni, udindo wathu ndi kuulemba bwino. Kholo lililonse lolera mwana lokha liyambe lero kusunga malisiti ndi kulemba zimene likuwononga, ndipo lopereka lisunge umboni wa ndalama iliyonse imene latumiza.